Ntchito yoganizira tsiku limene netiweki idzagwe

Lamlungu pa 12 May 2024, anthu ambiri m'dziko muno anayamba ndi kuda foni zawo. Chithunzi pa WhatsApp chinkangozungulira osatsika, kanema pa TikTok ankaima pakati, ena n'kumazimitsa ndi kuyatsanso foni poganiza kuti mwina yatopa. Chonsecho pamene panavuta panali kutali kwambiri ndi kuno. Pansi pa nyanja ya mchere, chakumpoto kwa mzinda wa Durban ku South Africa, nthambo ziwiri zikuluzikulu zonyamula intaneti, EASSy ndi SEACOM, zinaduka tsiku limodzi. Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda ndi Madagascar onse anakhudzidwa. Ku Dar es Salaam ofesi ya kazembe wa America inachita kuimitsa kwa masiku awiri ntchito yoonana ndi anthu ofuna ma visa. Panadutsa pafupifupi masabata atatu kuti sitima yokonza nthambo imalize kulumikiza.

Chinakulitsa vutoli n'chakuti nthambo zina zitatu zodutsa mu Red Sea zinali zitaduka kale mu February chaka chomwecho, ndipo zinali zisanakonzedwe. Njira yakumpoto inali yopunduka kale pamene yakum'mwera inkaduka.

Komabe si onse anavutika mofanana. Makampani ena anapatutsira msanga makasitomala awo kunjira zina, pomwe ena anakhala masiku akungopepesa. Kusiyana kumeneko kunapangidwa miyezi kapena zaka m'mbuyomo, pamene munthu wina anakhala pansi ndi mapu n'kudzifunsa kuti: nthambo iyi ikadzaduka tidzadutsira kuti, nanga njira inayo ingakwanitse kusenza katundu yense? Kwinako mwina funsolo linafunsidwa ndithu, koma ndalama yake sinapezeke.

Munthu wofunsa mafunso amenewa pachingerezi amati network designer kapena network architect. Sakwera nsanja, saoneka pa zikwangwani zotsatsa bandulo, ndipo makolo ake nthawi zambiri amangodziwa kuti mwana wawo “amagwira za makompyuta.” Koma ndi ntchito imene achinyamata ena akuithera usiku pophunzira, akulimbana ndi mayeso amene ali m'gulu la ovuta komanso odula kwambiri pa nkhani za luso lamakono.

Mmisiri ndi wojambula pulani

Amene anaphunzira za kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni kapena m'makoleji a m'tauni amadziwa mbali imodzi ya ntchitoyi: kulumikiza router, kugawira makompyuta ma IP address, kukhazikitsa Wi-Fi mu ofesi, kuthamanga bwana akakuwa kuti printer sikuoneka. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, ndipo popanda iye palibe chimayenda. Koma mmisiri amamanga motsata pulani. Wojambula pulani ndi amene amayamba waona kuti dothi lake n'lotani, madzi amadutsa pati kukagwa mvula, mwini nyumba ali ndi zingati m'thumba, ndipo ana akadzachuluka chipinda china chidzalumikizidwa mbali iti.

Netiweki zimene anthuwa amajambula zili m'magulu awiri. Loyamba amati enterprise: banki, yunivesite, chipatala, unduna wa boma, kampani ya shuga. Kwa amenewa netiweki ndi chida chabe, ngati galimoto ya kuntchito, malonda awo ndi ena. Lachiwiri ndi la ma service provider monga TNM, Airtel ndi MTL, omwe netiwekiyo ndiye katundu amene akugulitsa. Wa enterprise amadera nkhawa nthambi zake ndi antchito mazana angapo. Wa service provider amayenera kunyamula anthu mamiliyoni ndi makampani ambirimbiri pa nthambo imodzimodzi, popanda za banki iyi kusakanikirana ndi za banki ina yopikisana nayo.

Njira yotchuka yochitira zimenezi amati MPLS. Ganizirani katundu wotumiza pa basi. Katoni iliyonse amaimata kapepala kosonyeza mwini wake ndi kumene ikatsikire, ndipo kondakitala panjira satsegula katoniyo, amangowerenga kapepalako basi. Ma router a pakatikati pa netiweki ya kampani ya mafoni amachita chimodzimodzi: amaona kachizindikiro kamene kamatidwa pa data n'kuikankhira kutsogolo. N'chifukwa chake banki imatha kulumikiza nthambi ya ku Karonga ndi likulu lake ku Blantyre ngati kuti ili ndi nthambo yakeyake, pomwe yangogula mpando m'basi ya anthu ena.

Mabilu awiri, msewu umodzi

Tiyerekeze banki yongopeka yokhala ndi nthambi 30 kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Akuluakulu ake atopa ndi mizere ya anthu amene akungouzidwa kuti “netiweki yavuta, tadikirani pang'ono,” ndiye akuitanani inuyo kuti muthandize. Wongoyamba kumene ntchito amafulumira kunena kuti tigule ma router atsopano. Wodziwa amayamba ndi mafunso otopetsa. Nthambi ikakhala ola limodzi osatumikira anthu, banki imaluza zingati? Kodi ATM ndi imelo ya manijala n'zofunika mofanana? Pali malamulo anji okhudza data ya makasitomala amene tikuyenera kutsata? Amene adzayang'anire netiwekiyi usiku ndi anthu angati, ndipo amadziwa zotani?

Kenako pamabwera masamu ochepa amene aliyense wogula intaneti ayenera kuwadziwa. Kampani ikakulonjezani kuti netiweki izigwira ntchito 99 peresenti ya nthawi, zimamveka zabwino, koma mwavomera masiku atatu ndi theka pa chaka opanda kalikonse. Ikanena 99.9 peresenti, ndi maola pafupifupi 9 pa chaka. Ikafika 99.999 peresenti, ndi mphindi 5 zokha. Nayini aliyense woonjezera amadya ndalama zambiri kuposa wam'mbuyo mwake, choncho mbali ina ya ntchitoyi ndi kuuza abwana mosapita m'mbali kuti kanthambi kakang'ono ka pa boma sikafunika manayini asanu, koma chipinda chimene muli ma server onse ndicho chingafunike.

Yankho limene aliyense amayamba kuliganiza n'lakuti nthambi iliyonse ikhale ndi makampani awiri a intaneti, kuti wina akagwa wina agwirize. N'zoona, koma apa ndi pamene pali msampha. Dziko lathu n'lalitali komanso lopapatiza, pafupifupi makilomita 900 kuchokera kumpoto kukafika kum'mwera, ndipo nthambo za fiber zimakonda kutsata msewu, njanji kapena mapolo a magetsi. Makampani awiri osiyana mayina angathe kupezeka kuti nthambo zawo zagona m'ngalande imodzi m'mphepete mwa msewu wa M1, zikuwoloka pa mlatho umodzi, kapenanso wachiwiriyo akungobwereka kwa woyamba uja. Chimakina chimodzi chokumba msewu, kapena madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu March 2023, chimadula zonse nthawi imodzi. Banki imakhala ikulipira mabilu awiri mwezi ndi mwezi, njira yake ili imodzi. Ndi zomwe zija zinachitikira EASSy ndi SEACOM, kungoti izi zili pamtunda. Wojambula wabwino amapempha mapu enieni a kumene nthambo zadutsa, ndipo akamukaniza amalemba mu lipoti kuti anamukaniza.

Nkhani ya magetsi nayo siingalumphidwe. Namondwe wa Ana ataononga damu la ku Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Router, idule bwanji, sigwira popanda magetsi. Ndiye pulani iyenera kunena kuti mabatire akhala a maola angati, jenereta idya dizilo wochuluka bwanji, ndipo dizilo akasowa pa filling station titani. Ngati njira yanu yachiwiri ndi nsanja ya foni yapafupi, funsaninso ngati nsanjayo ili pa laini yamagetsi yomweyo ndi nthambi yanu. Chibwerereni Starlink m'dziko muno mu 2023, pali njira ina yosakhudza nthambo za m'mphepete mwa msewu, koma nayonso imabwera ndi mafunso ake: data ya makasitomala idutsa mayiko ati, itetezedwa motani, ndipo kukagwa chimvula champhamvu ikhala yodalirika bwanji.

Chimene ophunzira ambiri amachedwa kuchimvetsa n'chakuti kuchulukitsa njira nakonso kumabala mavuto. Netiweki yokhala ndi njira zisanu zopatukira imaoneka yanzeru pa bolodi la mu ofesi masana, koma 2 koloko ya usiku, pamene chavuta sichikudziwika ndipo foni ya bwana ikungolira, imasanduka nkhalango. Kwa ine, ngati injiniya wa pa shifiti sangathe kuifotokoza pa pepala limodzi, pulaniyo ndi yoipa, ngakhale anaijambula ndi munthu wa masetifiketi khumi.

Intaneti imayenda pa mawu a pakamwa

Intaneti ndi gulu la netiweki masauzande ambirimbiri, iliyonse ndi mwini wake komanso nambala yake, zomwe zimauzana njira. Kuno ku Africa manambalawo pamodzi ndi ma IP address amagawa ndi bungwe la AFRINIC lomwe lili ku Mauritius. Chilankhulo chimene netiwekizi zimauzirana njira ndi BGP, chomwe Kirk Lougheed wa ku Cisco ndi Yakov Rekhter wa ku IBM anayamba kuchijambula pa timapepala topukutira kukamwa akudya nkhomaliro mu 1989. Kagwiridwe kake n'kophweka mochititsa mantha. Netiweki imalengeza kuti ofuna kupita kwakutikwakuti adzere kwa ine, ndipo oyandikana nayo, ngati sanaike sefa, amangokhulupirira n'kuuzanso anzawo.

Mu February 2008 kampani ya Pakistan Telecom, pofuna kutseka YouTube m'dziko lawo lokha, inalengeza njira yabodza yomwe inatulukira kunja, ndipo YouTube inasowa padziko lonse kwa maola pafupifupi awiri. Mu November 2018 kampani ya MainOne ya ku Nigeria inalakwitsanso chimodzimodzi, moti kwa mphindi 74 anthu ena ofuna Google ankayamba adzera ku Russia ndi ku China.

Koma nkhani ziwiri zimene wophunzira aliyense wa ntchitoyi ayenera kuzidziwa pamtima ndi ya Facebook ndi ya Rogers. Ambiri mukukumbukira madzulo a pa 4 October 2021 pamene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinangoti zii mpaka chapakati pa usiku. Panalibe wakuba aliyense. Injiniya anapereka lamulo longofuna kuona mphamvu ya netiweki yaikulu ya kampaniyo, lamulolo linadula kulumikizana kwa malo awo onse osungira ma server, ndipo pulogalamu imene inayenera kuletsa lamulo lotere inali ndi vuto. Makina amene amauza foni yanu kumene Facebook ili ataona kuti sakulumikizana ndi anzawo, anachotsa okha njira zawo pa BGP, monga momwe anawakonzera. Chowawa chinali chakuti zida zimene mainjiniya akanakonzera vutolo zinkadaliranso netiweki yomweyo. Anachita kutumiza anthu kukalowa m'nyumba za ma server zomwe anazimanga dala kuti zikhale zovuta kulowamo.

Ya Rogers, kampani yaikulu ya mafoni ku Canada, inachitika pa 8 July 2022 ndipo inakhudza anthu oposa 12 miliyoni. Pokonza netiweki, mainjiniya anachotsa sefa ina pa ma router, ndipo njira zonse zinasefukira m'ma router apakati mpaka anakomoka. Mafoni a m'manja ndi intaneti ya m'nyumba zonse zinkadutsa pakati pamodzi pomwepo, ndiye zinagwera limodzi. Makhadi a kubanki a Interac anasiya kugwira m'masitolo, ndipo ena analephera kuimba 911 pofuna ambulansi kapena apolisi. Antchito a kampaniyo eniake ankagwiritsa ntchito ma SIM a Rogers, moti anavutika ngakhale kuimbirana. Kafukufuku anapezanso kuti ntchitoyo inali gawo lachisanu ndi chimodzi mwa magawo 7, ndipo poti magawo oyamba anayenda bwino, anaiika m'gulu la ntchito zosaopsa kwenikweni.

Onani kuti m'nkhani ziwirizi wolakwitsa lamulo ndi munthu mmodzi kapena ochepa, koma chimene chinachititsa kuti cholakwa chaching'ono chigwetse zonse ndi mmene netiwekiyo anaijambulira. Tangoganizani zotere zitachitika kuno pa tsiku la malipiro, Mpamba kapena Airtel Money itaima kuyambira m'mawa mpaka mawa lake.

Palinso funso lina la kwathu konkuno. Kodi uthenga wochoka kwa munthu wa ku Ndirande kupita kwa mnzake wa ku Chilomoni, amene ali pa kampani ina, uzikayamba wazungulira ku Johannesburg kapena ku London? N'chifukwa chake ku Blantyre kuli Malawi Internet Exchange, yomwe inayamba mu 2008, pamene makampani a intaneti amakumana n'kupatsana data ya m'dziko momwemuno. Nthambo za pansi pa nyanja zikaduka, zimene zili kuno zimayenera kupitiriza kugwira, ngati wina anaganizirapo.

Mayeso a maola 8

Masetifiketi odziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi a kampani ya Cisco, ndipo ali ngati makwerero. Pansi pali CCNA, mayeso amodzi a maola awiri. Pakati pali CCNP. Pamwamba pali CCIE, yomwe inayamba mu 1993. Aliyense wokhoza CCIE amapatsidwa nambala yake ya moyo wonse. Manambalawo anayambira pa 1024, yomwe anaipereka ku chipinda cholembera mayesocho, 1025 inapita kwa Stuart Biggs amene anakonza mayesowo, ndipo 1026 kwa Terry Slattery, munthu woyamba wosagwira ntchito ku Cisco kukhoza. Patha zaka zoposa 30, ndipo manambala apitirira 60,000 padziko lonse. Mukaona munthu walemba nambala imeneyi kumapeto kwa imelo yake, musadabwe, anaivutikira.

Kuti mupeze CCIE mumayamba ndi mayeso olemba: ENCOR 350-401 ngati mwasankha mbali ya enterprise, kapena SPCOR 350-501 ngati mwasankha ya service provider. Mukakhoza, mumakhala ndi zaka zitatu zoti mukalowe mu lab, mayeso a maola 8 a tsiku limodzi. Kale, isanafike 2001, ankakhala a masiku awiri. Kuyambira mu February 2020 maola atatu oyambirira ndi a kujambula pulani: amakupatsani maimelo, zithunzi za netiweki ndi zofuna za kampani yongopeka, inu n'kumasankha chochita, ndipo mukadutsa funso simungabwererenso. Maola asanu otsalawo ndi omanga, kukonza zoonongeka ndi kuwongolera netiwekiyo ndi manja anu. Kusintha kumeneku kukusonyeza kuti nawonso eni mayeso anaona kuti kuthamanga pa keyboard kokha sikukwanira.

Ndiye pali CCDE, ya ojambula pulani enieni. Mayeso ake olemba ndi 400-007, kenako ena a maola 8 omwe simulembamo lamulo la router ngakhale limodzi. Tsiku lonse ndi kuwerenga, kufunsa ndi kusankha. Kampani iyi yagula inzake, netiweki ziwirizi zilumikizidwe bwanji popanda kuimitsa malonda? Bwana wa zachuma wadula bajeti pakati, chichoke n'chiyani? Kawirikawiri mayankho awiri kapena atatu amakhala oti angagwire ntchito ndithu, koma limodzi lokha ndi logwirizana ndi chiganizo china chimene chinabisala mu imelo yachitatu. Akatswiri ena a zaka zambiri amagwa pamenepa, chifukwa amayankha zimene iwo amakonda osati zimene kasitomala wanena. Cisco sikakamiza kuti mukhale ndi setifiketi ina musanalembe, koma imalangiza kuti mukhale mutagwira ntchitoyi zaka zisanu mpaka 7.

Si Cisco yokha ayi. Juniper ili ndi JNCIE, Huawei ili ndi HCIE, Nokia ili ndi SRA. Poti makampani ambiri a mafoni mu Africa muno amagwiritsa ntchito zipangizo za Huawei, ndi bwino kuyamba mwaona kuti kumene mukufuna kukagwira ntchito kuli makina a ndani. Chosangalatsa n'chakuti BGP, OSPF, IS-IS ndi MPLS n'zimodzimodzi kulikonse, chimasintha ndi kalembedwe ka malamulo.

Walira mvula walira matope

Tsopano tikambe za ndalama, poti pamenepa ndi pamene maloto ambiri amathera. CCNA ndi madola pafupifupi 300, mayeso olemba a CCIE ndi 400, ndipo lab ndi 1,600 ulendo uliwonse. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, lab yokha ndi K2.8 miliyoni, ndipo tonse tikudziwa kuti kupeza dola pa mtengo wa kubanki ndi nkhani ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ankasunga pang'onopang'ono anadzuka ndalama yawo itafupika. Mayeso olemba angathe kulembedwa pa malo ovomerezeka a Pearson VUE kapena pa intaneti, koma lab imafuna ulendo wopita ku mizinda ngati Dubai, Brussels kapena Bangalore. Onjezanipo ndege, visa ndi malo ogona. Ndipo ambiri sakhoza ulendo woyamba. Mukalephera mumadikira masiku 30, n'kulipiranso yonse.

Nthawi nayo imapita. Amene anadutsamo amakamba za chaka chathunthu kapena kupitirira, madzulo aliwonse ndi Loweruka lililonse. Ngati muli pabanja, dziwani kuti mayesowa mulemba awiri, ngakhale setifiketi idzatuluke m'dzina la mmodzi. Wina adzakhala akugoneka ana yekha, akupita yekha ku zinkhoswe ndi kumaliro, akufotokozera achibale chifukwa chimene simukuoneka. Kambiranani musanayambe: zitenga nthawi yaitali bwanji, ndalama zichokera kuti, ndipo mukalephera kawiri mudzatani. Ngati mukukhalabe kwa makolo, afotokozereni kuti kukhala pa laputopu mpaka usiku si kuonera mafilimu, komanso kuti zimenezi sizikuchotsani pa ntchito za pakhomo.

Njira imene imathandiza ambiri ndi kupempha kuntchito kuti akulipirireni. Makampani ogulitsa zipangizo za Cisco amafunika kukhala ndi antchito a masetifiketi kuti akhale pa mlingo wina wa ubale wawo ndi Cisco, choncho pempho lanu si lachilendo. Koma nthawi zambiri amakusainitsani bond yoti musachoke kwa zaka zingapo. Iwerengeni bwinobwino, makamaka pamene akunena zimene mudzabweze mukachoka kapena mukalephera.

Pophunzira, simukufunikanso kudzaza chipinda ndi ma router akale ngati mmene ankachitira akuluakulu athu. Packet Tracer ndi yaulere kudzera ku Cisco Networking Academy ndipo imakwanira pa CCNA. Mukakwera pamafunika GNS3 kapena EVE-NG, zomwe zimayendetsa ma router ambiri mkati mwa kompyuta imodzi, koma zimadya RAM koopsa. Laputopu ya 8 GB imayamba kulira mukangoyatsa ochepa, ndipo netiweki za mlingo wa CCIE zimafuna 32 GB, 64 GB kapena kuposa. Anthu anayi kusonkherana n'kugula server yakale imodzi, n'kumagawana maola, n'kwanzeru kuposa aliyense kuvutika payekha, ndipo mumapezanso anzanu okutsutsani. FRRouting ndi containerlab n'zaulere komanso zopepuka. Zikalata zofotokoza mmene intaneti imagwirira ntchito, zotchedwa RFC, nazonso n'zaulere, ndipo ya BGP ndi nambala 4271. Makanema ophunzitsa akopereni ndi bandulo ya usiku.

Pali njira yachidule imene mudzaimva m'magulu a WhatsApp ndi Telegram: ma dumps, mafunso obedwa a mayeso amene anthu amaloweza. Kupatula kuti Cisco ingathe kukulandani setifiketi n'kukuletsani kulembanso, vuto lake lenileni limaonekera pa intavyu. Wofunsa amangokupatsani cholembera n'kunena kuti tajambulani mmene mungalumikizire maofesi atatu, kenako amafufuta mzere umodzi n'kufunsa kuti chichitike n'chiyani. Woloweza amathera pompo. Choopsa kwambiri ndi pamene wadutsa intavyuyo, n'kupatsidwa netiweki ya chipatala.

Nanga n'zoyenera?

Kwa munthu wa zaka 23 amene wangomaliza kumene sukulu, maganizo anga ndi akuti CCIE kapena CCDE isakhale nkhani ya chaka chino. Pezani CCNA, lowani ntchito iliyonse imene ikuikeni pafupi ndi netiweki yeniyeni, ngakhale ya shifiti ya usiku yoyang'anira ma alamu, ndipo nthawi iliyonse chinthu chikagwa funsani chifukwa chimene chinagwera limodzi ndi chinzake. Phunziraninso Python pang'ono ndi zida ngati Ansible, poti masiku ano ma router mazana amasinthidwa ndi pulogalamu imodzi, ndipo cholakwa chimafalanso ndi liwiro lomwelo. Tsatirani maphunziro a AfNOG, omwe akhala akusula mainjiniya a mu Africa kuyambira mu 2000, komanso misonkhano ya SAFNOG ya kuchigawo chathu chino. Bungwe la UbuntuNet Alliance, lolumikiza netiweki za mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, likulu lake lili ku Lilongwe konkuno, ndipo MAREN ndi imene imalumikiza a m'dziko muno.

Pakatha zaka zinayi kapena zisanu mudzakhala mutadziwa ngati pepala lapamwambalo likufunika pa njira yanu. Limatsegula makomo, makamaka ku makampani akuluakulu ndi ntchito za kunja, ndipo silemba ntchito lokha. Limathanso mphamvu pakatha zaka zitatu ngati simunalembenso mayeso kapena kusonkhanitsa mapointi a maphunziro oonjezera. Alipo akatswiri ambiri oyendetsa netiweki zikuluzikulu amene alibe nambala ya CCIE, monganso alipo a nambala amene sangakufotokozereni kumene nthambo ya kampani yawo imatulukira m'dziko.

Zimenezo mungayambe kuzifufuza lero ndi foni yomwe muli nayoyo. Tsegulani bgp.he.net, webusaiti ya kampani ya Hurricane Electric, lembani dzina la kampani imene mumagulako bandulo, ndipo muona nambala yake ndi mayina a netiweki zimene imadutsiramo popita kunja. Werengani kuti ndi zingati. Mukatero pitani pa submarinecablemap.com mukaone kuti ndi nthambo ziti zimene zimatera ku Dar es Salaam, ku Maputo ndi ku Mtunzini, ndi zingati mwa izo zimene zagona moyandikana m'mphepete mwa gombe limodzi.